Akumwa vinyo kapena akumwa chaka?

M'chaka cha 2017 nyuzipepala za ku America zidachita phokoso ndi nkhani ya mabotolo amene adapezeka ku Liberty Hall, nyumba yakale ya ku New Jersey yomwe lero ndi malo osungirako zinthu zamakedzana. Amisiri pokonza chipinda chapansi adagumula kakhoma kena, ndipo kuseri kwake adapeza vinyo wa ku Madeira ali ndandanda m'fumbi. Mitu ya nkhani yonse inkakuwa nambala imodzi yokha: 1796. Mu Disembala 2018 kampani ya Christie's idaika ena mwa mabotolowo pa okushoni ku New York, eni ndalama n'kulimbirana.

Chimene ambiri mwa okuwawo sadafune kuchimva n'chakuti 1796 si chaka chimene mphesa zidathyoledwa. Kapepala ka pa botolo kakunena mosabisa kuti chimenecho n'chaka chomwe wamalonda wina, Robert Lenox, adalowetsa vinyoyo m'dziko la America. Za chaka chokolola kapepalako sikakunena kanthu. Koma ndani adasamala? Nambala idali itagwira kale ntchito yake.

Mkangano wanga uli pamenepa, awerengi. Pali gulu la anthu amene asandutsa vinyo wakale kukhala kachisi wopembedzeramo manambala. Amagula chaka, amatsekera chaka m'kabati, amaonetsa alendo chaka, ndipo akatsikira kuli chete ana awo amakagulitsa chaka chomwecho kwa munthu wina wodwala nthenda yomweyo. Lilime sililowapo. Mukawafunsa kuti vinyoyo amakoma bwanji, amakuuzani zimene adawerenga m'kabuku ka okushoni, kamene nakonso kadakopera kwa mlembi wina amene adamva kwa mnzake. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Ndiyankhe kaye a mbali inayo, amene akuti mowa ndi mowa basi, zina zonsezi ndi misala ya anthu okhuta. Abale, pa vinyo wambiri wa pa dziko lapansi mukunena zoona. Vinyo wamba akatha zaka makumi angapo amafa, amasanduka madzi owawasa osayenera ngakhale kuthira m'ndiwo. Koma pa vinyo wa ku Madeira mwaphonya. Ameneyu amatha zaka 100, 150, ngakhale 200 ali moyo, ndipo chifukwa chake si matsenga.

Madeira ndi chilumba cha dziko la Portugal m'nyanja ya Atlantic, pafupi ndi gombe la Morocco kusiyana ndi Lisbon. Vinyo wake ndi wa mtundu uja amaulimbitsa ndi mowa waukali, monganso port ndi sherry. Madzi a mphesa akayamba kuwira, amathiramo mowa wotchezedwa kuchokera ku mphesa, tingoti kachasu wa mphesa. (Pajatu mawu athu oti vinyo ndi kachasu tidawatola kwa Apwitikizi omwewa.) Ukaliwo umapha yisiti, kuwira kumaima, ndipo shuga amene sadasanduke mowa amatsalira momwemo. Akathira msanga vinyo amatuluka wotsekemera, akachedwetsa amatuluka wosatsekemera. Ukali wake umathera pakati pa magawo 17 ndi 22 pa 100 alionse.

Chimene chimamusiyanitsa ndi anzake n'chakuti adani awiri a vinyo aliyense, kutentha ndi mpweya, iyeyu amaperekedwa kwa iwo dala. M'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 zombo zopita ku India ndi ku America zinkaima ku Funchal, likulu la chilumbachi, n'kunyamula migolo ya vinyo. Amalonda adazindikira kuti mgolo umene waphikika m'mimba mwa chombo podutsa madera otentha, n'kubwerera osagulidwa, unkakoma kuposa umene udatsala kumudzi. Adamutcha vinho da roda, vinyo wozungulira, ndipo mtengo wake udakwera. Kenaka adayamba kutsanzira ulendowo pamtunda. Vinyo wotchipa amamutenthetsa m'matanki pa madigiri 45 mpaka 50 kwa miyezi yosachepera itatu, njira yotchedwa estufagem. Wapamwamba amamuika m'migolo ya matabwa pa mitanda, m'zipinda zam'mwamba pansi pa denga, kuti dzuwa limuphike pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Imeneyo ndiye canteiro. Kuti vinyo wa chaka chimodzi atchedwe frasqueira, lamulo likuti akhale mu mgolo zaka zosachepera 20. Pofika pamenepo kutentha kwachita kale zonse zimene kukadachita, mpweya nawo chimodzimodzi. Onjezanipo ukali wa mowa uja ndi kuwawasa kwachibadwa kwa mphesa za pachilumbachi, ndipo muli ndi chakumwa chovuta kuchiononga.

Tsono poti ngwamoyo, ayenera kulawidwa, ndipo kalawidwe kake kali ndi mwambo womveka umene safuna digiri.

Botolo la Madeira limasungidwa choimirira, osati chogona monga vinyo wina, chifukwa vinyoyu amakhalitsa kuposa chitsekerero chake ndipo akachikhudza amachidya. Tsiku lotsekula si tsiku lomwa. Vinyo amene wakhala m'galasi zaka zambiri amayamba watulutsa fungo losakondweretsa, ngati la chipinda chomwe chakhala chotseka dzinja lonse. Wosadziwa amataya pomwepo n'kumati adamubera. Wodziwa amamukhuthulira mosamala m'jagi yagalasi yoyera, n'kumusiya apume. Akatswiri ena amati tsiku limodzi pa zaka khumi zilizonse zimene wakhala m'botolo. Musamuthire ayezi, musamuike padzuwa. Kuzizira kwa m'nyumba m'mwezi wa Juni n'kokwanira.

Thirani pang'ono, zala ziwiri zisakwane, mu tambula yaing'ono yopapatiza kukamwa. Ipendeketseni pamwamba pa pepala loyera. Pakati mudzaona mtundu wa tiyi wopanda mkaka wopsa bwino, kapena wa thabwa la mbawa lopukutidwa. Koma yang'anani m'mphepete, pamene vinyo wapyapyala: amene wakhalitsa mu mgolo amaonetsa kamzere kachikasu kobiriwira. Kuda kokha musakukhulupirire, chifukwa vinyo wamng'ono amatha kumudetsa ndi shuga wootcha kuti aoneke ngati gogo.

Kenaka mphuno. Choyamba kufika ndi kafungo kobaya, konga vanishi wa kwa kalipentala. Musathawe, dikirani. Kuseri kwake kumabwera shuga wopserera pansi pa poto, makoko a malalanje ouma, mtedza wokazinga, khofi, nthawi zina fodya wa m'chigafa, ndipo mwa ena kafungo ka zokometsera ndiwo za Amwenye. Kameneka asayansi adakapeza gwero lake, kanthu kotchedwa sotolon kamene kamachuluka vinyo akamakalamba mu mgolo. Fungoli silikhala pamodzi. Mukabwereranso patapita mphindi khumi mupeza zina zachoka, zina zafika.

Pomaliza m'kamwa, ndipo apa mpamene pali chiweruzo. Pyontho limodzi lokha. Mukhoza kumva kutsekemera poyamba, koma nthawi yomweyo kumabwera kuwawasa kwakuthwa ngati bwemba, kumene kumadula kutsekemerako n'kudzaza malovu m'masaya. Mezani, tsekani pakamwa, werengani. Vinyo wamba amazimirira musadafike khumi. Madeira wakale weniweni amakhala nanu mphindi yathunthu kapena kupitirira, akusinthasintha, ndipo tambula yopanda kanthu mukaisiya osatsuka imanunkhirabe m'mawa mwake. Mitundu ya mphesa nayo ili ndi makhalidwe ake. Sercial ndiye wosatsekemera, wakuthwa mpaka mano kuyayamira, Verdelho wofewerapo, Bual wotsekemera ndithu, Malvasia, amene Angerezi amati Malmsey, ndiye wozuna koposa. Terrantez, wosowa uja, amatsekemera pang'ono n'kumalizira ndi kakuwawa kosaiwalika. Mukakhala ndi mwayi wolawa angapo, yambani ndi Sercial. Mukayamba ndi Malvasia ena onse adzamveka ngati mandimu.

Ndipo lilime lomwelo lidzakuuzani pamene zinthu sizili bwino. Alipo vinyo wakale amene adauma mopitirira mpaka kusanduka phala lakuda lowawa. Alipo wongotsekemera ngati manyuchi, wopanda msana. Alipo amene vanishi uja adagonjetsa china chilichonse. Onsewa pa botolo pali chaka chochititsa mantha, ndipo pa okushoni onsewa amagulidwa ndi ulemu womwewo, chifukwa wogulayo alibe cholinga chowatsekula.

Funso limene wopembedza chaka safunsa ndi ili: kodi vinyoyu adakhala zaka zingati mu mgolo, ndipo adalowa liti m'botolo? Madeira amakula mu mgolo. Mmenemo mpamene mpweya umalowa m'timipata ta thabwa, madzi n'kumauluka, shuga ndi kuwawasa n'kumakhathamira. Tiyerekeze kuti chaka chilichonse muuluka magawo atatu pa 100. Mwa malita 100, pakatha zaka 50 mutsala malita 22 okha. N'chifukwa chake vinyo wotere ngwodula, ndipo pamenepa sindikutsutsa: wosungayo wataya zambiri podikira. Koma akangolowa m'galasi, kaya m'botolo kaya m'zimabotolo zazikulu zija zokutidwa ndi zolukaluka, kukula kwake kumachita ngati kwaima. Ndiye kuti mabotolo awiri olembedwa 1875, lina lothiridwa mu 1900, lina mu 1975, ndi vinyo awiri osiyana kutalitali. Wina ndi mnyamata wa zaka 25 amene wagona nthawi yaitali, wina ndi nkhalamba ya zaka 100. Nambala yakutsogolo ndi imodzi.

Nanga nambala yomweyo, adailemba ndani? Mabotolo ambiri akale a Madeira alibe n'kapepala komwe, amangokhala ndi zilembo zopakidwa ndi penti woyera. Penti sasowa. Bungwe la boma loyang'anira vinyo wa pachilumbachi lidakhazikitsidwa mu 1979. Mabotolo akale kwambiri amadalira mabuku a kampani, mbiri ya banja ndi kukhulupirika kwa wogulitsa. Mabanja ndi makampani ena adasunga mabuku awo bwino, ndipo ayenera ulemu. Koma ngakhale popanda wakuba aliyense, nambalazi zili ndi misampha. Botolo lolembedwa solera limatchula chaka chimene mgolo udayambidwa. Pambuyo pake ankatungamo n'kumathiramo vinyo wamng'ono mobwerezabwereza. Solera wabwino amakoma zedi, ena amaposa vinyo wa chaka chimodzi, koma amene wagula solera wa 1815 n'kumauza anthu kuti akumwa mphesa za chaka cha nkhondo ya Waterloo akunena zoona za madontho owerengeka.

Dzina la mphesa nalo lidanamizapo anthu kwa zaka zoposa 100. Mu 1851 nthenda ya chiwawu choyera idagwira mipesa ya pachilumbachi, ndipo mu 1872 kudafika kachirombo kodya mizu kotchedwa phylloxera kamene kadamaliza zotsala. Alimi pobzalanso adasankha mitundu yopirira, ndipo mphesa yakuda yotchedwa Tinta Negra idatenga malo ambiri. Koma pa mabotolo mayina akale aja adapitirira. Mawu oti Sercial kapena Malmsey adasanduka ongotanthauza muyeso wa kutsekemera, m'kati muli mphesa zina. Zidatengera Portugal kulowa m'bungwe la mayiko a ku Europe mu 1986, ndi lamulo la 1993, kuti dzina la mphesa lilembedwe pokhapokha magawo 85 pa 100 ali a mphesa imeneyo. Ndipo Tinta Negra, amene adanyamula malonda onsewa pamsana, adaloledwa kulembedwa dzina lake pa botolo mu 2015.

Musayembekeze kuti asayansi akupulumutsani. Ali ndi njira yoyezera botolo osalitsekula, pofufuza caesium-137, kanthu kamene kadafalikira m'mlengalenga kuyambira pamene mabomba a nyukiliya adayamba kuphulitsidwa mu 1945. Njirayi imagwira wakuba amene wathira vinyo wa dzana m'botolo la makedzana. Koma singasiyanitse 1795 ndi 1895.

M'malo mwa umboni, amalonda amapereka nthano, ndipo nthano zake ndi za mabwana okhaokha. Adzakuuzani za Napoleon, amene chombo chomutengera ku ukaidi ku St Helena chidaima ku Funchal mu 1815, kazembe wa Angerezi Henry Veitch n'kumupatsa mgolo wa vinyo. Adzakuuzani za Winston Churchill, amene adacheza pachilumbachi mu Januwale 1950, n'kumati adamwetsedwa vinyo wa mgolo womwewo. Adzakuuzani za George Washington ndi Thomas Jefferson, amene ankaitanitsadi Madeira, popeza lamulo la Angerezi la 1663 lidalola vinyo ameneyu kupita ku America mwachindunji osadzera ku England. Nkhani zokoma, ndipo zimakweza mtengo. Chimene sadzatchula n'chakuti pa munda wa Washington ku Mount Vernon padali akapolo oposa 300 m'chaka chimene adamwalira, 1799, ndi kuti Jefferson m'moyo wake adali ndi akapolo oposa 600. Eni minda ya mpunga a ku Charleston ndi Savannah, amene adatchuka ndi maphwando olawa Madeira, ndalama zogulira migoloyo ankazitenga kuti? Ngati tikufuna kumwa mbiri, timwe yonse.

Ndipo pachilumba pomwepo, ndani adalima? Madeira ndi phiri lotuluka m'nyanja. Minda yake ndi timasitepe tochirikizidwa ndi makoma a miyala yonyamulidwa pamutu, tothiriridwa ndi ngalande zosemedwa m'matanthwe. Apwitikizi atafika mu 1419 adadzayamba kulima nzimbe, ndipo pa ntchito ya nzimbe adagwiritsa akapolo ochokera ku zilumba za Canary ndi ku gombe la Africa. Pofika nthawi ya vinyo, mtolo udagwera alimi osauka a pachilumbapo pansi pa dongosolo lotchedwa colonia: nthaka ndi ya bwana, khoma ndi mipesa ndi thukuta ndi za mlimi, koma pokolola bwana amatenga theka. Amene agogo ake adalawapo thangata safuna kumufotokozera zambiri. Dongosololi lidathetsedwa ndi lamulo la 1977, boma lankhanza la ku Lisbon litagwa mu 1974. Ndiye kuti botolo lililonse la zaka 100 limene likugulitsidwa lero lidachokera m'nthawi imeneyo. Madzi a mphesa ankatsika m'mapiri pa mapewa a amuna otchedwa borracheiros, m'matumba a zikopa za mbuzi a malita pafupifupi 50, ulendo wa maola ambiri kukafika ku nyumba za amalonda, ambiri mwa akuluakulu ake Angerezi: Cossart Gordon kuyambira 1745, Blandy kuyambira 1811. Mayina amenewo ali pa mabotolo. A onyamula zikopa mulibe.

Mipesa itafa, amalonda adatsala ndi migolo yodzaza yoti azigulitsa pang'onopang'ono. Mlimi adatsala ndi njala. Anthu a ku Madeira adali atayamba kale kupita ku minda ya nzimbe ya British Guiana mu 1835, kukalowa m'malo mwa akapolo omasulidwa, ndipo matenda a mipesa adangokulitsa msamukowo. Kuyambira 1878 ena adalowera ku Hawaii, ndipo m'zaka za m'ma 1900 adakhamukira ku Venezuela ndi ku South Africa. Inu amene mudakhalako ku Johannesburg mukukumbukira Mpwitikizi wa sitolo ya pakona, wogulitsa masamba ndi zipatso kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Ambiri mwa iwo kwawo ndi ku Madeira. Sadathawe chilumba cha nthano za Napoleon chifukwa chokhuta.

Pali chinanso chimene kabuku ka okushoni sikanena. Vinyo wakale ameneyu adatsala wambiri chonchi, mwa zina, chifukwa adasowa womugula. Msika wa ku Russia udatsekeka ndi kusintha kwa boma kwa 1917. Wa ku America udafa pamene dzikolo lidaletsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933. Kwa zaka zambiri pambuyo pake Madeira ankadziwika ku France ndi kwina ngati chothira mu msuzi wa nyama. Migolo imene lero akuigwadira idakhala m'madenga a ku Funchal popanda woifunsa, ikusamalidwa ndi mabanja monga a D'Oliveira amene adapirira osaitaya motchipa. Lero botolo likagulitsidwa kachitatu kapena kachinayi pakati pa London, New York ndi Hong Kong, phindulo limathera m'matumba a anthu amene sadaonepo mpesa. Pachilumbapo minda ya mphesa za vinyoyu sikwana mahekitala 500, ili m'manja mwa alimi a timinda tating'onoting'ono, ambiri achikulire, ndipo ikulimbirana malo ndi nthochi ndi nyumba za alendo. Terrantez watsala pa mahekitala owerengeka. Amene amakondadi vinyoyu akadagula wa zaka 10 kapena 15 kwa makampani amene akugulabe mphesa kwa alimi, chifukwa frasqueira wa zidzukulu zathu achokera mmenemo. Koma wa zaka 10 alibe nambala yoopsezera alendo.

Wosunga botolo osatsekula alibe n'chodzikhululukira chomwe. Wa vinyo wamba angati akatsekula ayenera kumaliza usiku womwewo, apo ayi aonongeka. Madeira wotsekulidwa, mukabwezera chitsekerero, amakhala miyezi yambiri osasintha. Botolo limodzi likhoza kulawitsa anthu makumi awiri, kapena kukhala m'nyumba chaka chathunthu mukumwa kadontho pa tsiku la chikondwerero. Ku Funchal kweniko nyumba za vinyo zimathirira mlendo wakale kwambiri pa tambula, kuti amene sangakwanitse botolo alawe ndithu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kumene kupembedza nambala kumafikitsa munthu kudaoneka ku London pa 5 Disembala 1985. Sadali Madeira, adali vinyo wofiira wa ku France, koma nthenda ndi yomweyo. Pa okushoni ya Christie's padabwera botolo lozokotedwa kuti 1787, Lafitte, ndi zilembo zoti Th.J., ndipo mwini wake, Hardy Rodenstock wa ku Germany, adati lidali la Thomas Jefferson ndipo lidapezeka kuseri kwa khoma m'nyumba ina ku Paris. Nyumbayo sadaitchule. Akatswiri a ku Monticello, kwawo kwa Jefferson, adakayika poyera. Christopher Forbes adaligulabe pa mapaundi 105,000. Patapita zaka, mkulu wina wachuma, Bill Koch, amene adagula mabotolo anayi a gulu lomwelo, adalemba ntchito ofufuza, ndipo iwo adapeza kuti zilembozo zidazokotedwa ndi kachipangizo koyendera magetsi. Adakasuma mu 2006. Rodenstock adamwalira mu 2018 akukanabe.

A Forbes botolo lawo sadalitsekule. Adaliika poonekera m'chipinda chawo chachionetsero ku New York, pansi pa magetsi owala, kuti anthu azidzaona chaka. Kutentha kwa magetsiwo kudaumitsa chitsekerero, ndipo chidagwera m'kati.